Ku Thailand, kwawo kwa mpunga umene timadya pa Khirisimasi

Nyengo ya Khirisimasi ikayandikira, masitolo a pa Ulongwe amadzaza ndi matumba a mpunga, ndipo mukatembenuza ena mwa matumbawo mupeza palembedwa dzina loti Thailand. Ambiri a ife taudya mpunga umenewu pa ukwati, pa ubatizo ngakhalenso pa chiliza, koma ndi owerengeka okha amene angaloze kumene dzikolo lili.

Masiku ano dzinali layamba kutipezanso kudzera pa mafoni. Achinyamata a ku Lifidzi, ku Domwe ndi ku Tsangano akumaona zithunzi za mchenga woyera, akachisi a madenga agolide ndi zakudya zodolola mtima, ndipo nthawi zina pansi pa zithunzizo pamakhala uthenga wolonjeza ntchito ndi tikiti yaulere. N'chifukwa chake nkoyenera kuti tilidziwe bwino dzikoli, zokoma zake ndi zowawa zomwe, pakuti safunsa adadya phula.

Njira yopitira kumeneko

Dziko la Thailand lili ku Asia, kutsidya kwa nyanja yamchere imene ife timaiona ku Beira. Lidachita malire ndi maiko anayi omwe ndi Myanmar, Laos, Cambodia ndi Malaysia. Ndi locheperapo poyerekeza ndi Mozambique, komatu anthu ake ndi oposa 65 miliyoni, kutanthauza kuti atsala pang'ono kuwirikiza kawiri chiwerengero cha anthu a dziko lathu lino.

Kale dzikoli linkatchedwa Siam ndipo dzina loti Thailand lidayamba m'chaka cha 1939. Chimene eni ake amanyadira koposa n'chakuti sadalamulidwepo ndi Azungu. Pamene Angerezi adatenga Burma, yomwe lero ndi Myanmar, Afalansa n'kutenga Laos ndi Cambodia, mafumu a Siam adalolera kutaya zigawo zina za m'malire kuti mtima wa dziko utsale m'manja mwao.

Munthu wochokera ku Lifidzi kwake n'kudutsa pa chipata cha Calomue, kulowa ku Dedza, n'kukakwera ndege ku Lilongwe. Ndegeyo imakatera ku Addis Ababa m'dziko la Ethiopia, ndipo kuchoka kumeneko pamakhala ulendo wina wa maola pafupifupi asanu ndi anayi kukafika ku Bangkok, likulu la Thailand. Tikiti yokha yopita ndi kubwera imadya ng'ombe zingapo, tisanawerengere pasipoti, chilolezo cholowera m'dzikomo, malo ogona ndi chakudya.

Mlendo akatera amayamba wakonza wotchi yake, chifukwa nthawi ya kumeneko idatsogola ndi maola asanu. Ife tikamapita kumunda 6 koloko m'mawa, iwo amakhala akuganiza za nkhomaliro. Kalendala nayonso ndi ina. Amawerenga zaka kuyambira pa imfa ya Buddha, motero amaonjezera zaka 543 pa kalendala yathu. Chaka cha 2025 kwa iwo chidali 2568.

Mzinda wa Bangkok udakhala likulu m'chaka cha 1782 ndipo uli m'mbali mwa mtsinje wa Chao Phraya. Munthu wozolowera kuzizira kwa kuno ku Angónia akaona ngati watsikira ku Tete mwezi wa Okotobala, kusiyana kwake n'kwakuti kutentha kwa ku Bangkok n'kwa chinyezi, thukuta losauma. Miyezi yabwino kuchezako ndi Novembala mpaka Febuluwale. Galimoto zimayenda kumanzere monga kwathu kuno, ndipo tinjinga tamoto ta mawilo atatu timene ku Tete amati txopela, kumeneko amati tuk-tuk.

Akachisi ndi amonke

Mwa anthu khumi alionse a ku Thailand, asanu ndi anayi ndi a chipembedzo cha Chibuda. Akachisi ao, amene amawatcha wat, ndi oposa 40,000, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi wake.

Chipembedzochi chidayamba ndi Siddhartha Gautama, mwana wa mfumu amene adabadwira ku Lumbini, m'dziko lomwe tsopano ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Mbiri imati adakulira m'mpanda osadziwa mavuto, mpaka tsiku lina atatuluka adaona nkhalamba, munthu wodwala ndi mtembo. Ali ndi zaka 29 adasiya chuma ndi banja n'kupita kukafunafuna gwero la masautso a munthu. Yankho limene adalipeza ndi loti munthu amavutika kaamba ka kukhumba kosatha. Otsatira ake adamutcha Buddha, kutanthauza wodzuka kapena wotseguka maso. Mbuda wamba amayenera kusunga malamulo asanu: osapha, osaba, osachita chigololo, osanama ndiponso osaledzera. Mkhristu wa ku Lifidzi akamva malamulowa aona kuti sali achilendo kwenikweni.

Chinthu choyamba chimene mlendo wolawira amaona ndi mzere wa amonke ometa mpala, ovala nsalu zachikasu chofiirira, akuyenda opanda nsapato mbale zili m'manja. Amayi amadikira pakhomo ndi mpunga wotentha n'kuwaikira m'mbalemo. Mmonke sapempha ndiponso sathokoza, pakuti pa chikhulupiriro chao wopindula ndi amene wapereka. Amonke amasunga malamulo 227, ndipo limodzi mwa iwo ndi loti asadye chakudya dzuwa likapendeka mpaka m'mawa mwake.

Anyamata ambiri amalowa umonke kwa kanthawi chabe, ena milungu iwiri, ena miyezi itatu ya mvula, kenaka n'kubwerera kwao kukakwatira. Makolo amauona mwambowu monga momwe ife timaonera chinamwali. Mnyamata amene sadapiteko amamuti ndi wosapsa, ndipo apongozi ena amayamba afunsa za ichi asanapereke mwana wao.

Ku Bangkok alendo sasiya kuona akachisi atatu. Ku Wat Pho kuli chiboliboli cha Buddha atagona chammbali, chotalika mamita 46, pafupifupi theka la bwalo la mpira. Ku Wat Phra Kaew, m'kati mwa mpanda wa nyumba yachifumu, kuli kachiboliboli ka mwala wobiriwira kotalika masentimita 66 okha, komatu n'kumene Athai amakalemekeza kuposa zonse. Mfumu, kapena woimira mfumu, amakasintha zovala katatu pa chaka: nyengo yotentha, ya mvula ndi yozizira.

Wachitatu ndi Wat Traimit, ndipo nkhani yake ndi yopatsa chidwi. Kwa zaka zambiri kudali chiboliboli chomatidwa pulasitala chimene anthu sankachiwerengera. M'chaka cha 1955, pochisamutsa, chingwe chidaduka ndipo chiboliboli chidagwa pansi n'kung'aluka. M'kati mwake mudapezeka golide wolemera matani asanu ndi theka. Akatswiri amakhulupirira kuti makolo adachimata dala pobisira adani, ndipo onse odziwa chinsinsicho adamwalira osauza ana ao.

Makilomita pafupifupi 80 kumpoto kwa Bangkok kuli mabwinja a Ayutthaya, likulu lakale limene asilikali a ku Burma adalitentha m'chaka cha 1767.  Athai adawalambulira, adaika alonda, ndipo lero alendo amalipira pakhomo kuti awaone.

Achibuda aliponso kufupi ndi ife. Pafupi ndi mzinda wa Blantyre pali malo olerera ana amasiye a Amitofo Care Centre amene adayambitsa ndi mmonke wa ku Taiwan, ngakhale kuti Chibuda chao ndi cha nthambi ina yosiyana ndi ya ku Thailand.

Kwa eni kulibe mkuwe

Mlendo wosadziwa mwambo amachita manyazi msanga ku Thailand. Popereka moni sagwirana chanza. Amaphatikiza manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu, ndipo wamng'ono ndiye amayamba. Kwa wamkulu manja amakwera kufika pamphuno, kwa mmonke pamphumi. Ife amene tidakula tikuomba m'manja ndi kunjuta pamaso pa akulu sitingavutike nazo.

Mutu wa munthu ndi wolemekezeka, motero sausisita ngakhale wa mwana. Phazi ndi chiwalo chonyozeka, salozera nalo munthu kapena chiboliboli cha Buddha. Polowa m'kachisi kapena m'nyumba ya munthu nsapato zimatsala panja, mapewa ndi maondo zikhale zofunda. Mayi sakhudza mmonke ngakhale kumupatsira chinthu m'manja.

Lamulo loopsa koposa ndi lokhudza banja lachifumu. Wonyoza mfumu amamangidwa zaka zitatu mpaka 15 pa mlandu umodzi, ndipo lamuloli silisiya mlendo. Mfumu Bhumibol Adulyadej idalamula zaka 70, kuyambira 1946 mpaka 2016, ndipo amene adalowa ufumu ndi mwana wake Vajiralongkorn. Nkhope ya mfumu ili pa ndalama yao ya baht, choncho ndalama ikagwa saiponda ndi phazi poiimitsa.

Zina mwa miyambo yao zimakumbutsa kwathu. Pafupi ndi nyumba, sitolo ngakhale hotela yaikulu mupeza kanyumba kakang'ono pamwamba pa nsanamira, momwe amaikamo maluwa, mpunga ndi zakumwa. Ndi ka mizimu ya pamalopo, monga kachisi amene makolo athu ankamanga pansi pa mtengo pothira nsembe. Chibuda chitafika sichidathamangitse mizimu ya makolo, ziwirizi zimakhalira limodzi.

Mwezi wa Meyi ku Bangkok kumachitika mwambo wotsegulira ulimi. Ng'ombe zachifumu zimalima mizere ingapo, kenaka amaziikira mbale za mpunga, chimanga, nyemba, chitowe, udzu, madzi ndi mowa. Chimene ng'ombezo zasankha ndicho chimalosera za mvula ndi zokolola. Mngoni wokonda ng'ombe akhoza kuima pamenepo tsiku lonse.

Chaka chao chatsopano, Songkran, chimakhala pa 13 mpaka 15 Epulo. Alendo amachidziwa ngati masiku othirana madzi m'misewu, koma mwambo weniweni ndi woti ana amabwerera kumudzi kukathira madzi onunkhira m'manja mwa makolo ndi agogo, iwo n'kuwadalitsa. Bungwe la UNESCO lidaika Songkran m'kaundula wa miyambo ya dziko lonse m'chaka cha 2023. Gule wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia adalandira ulemu wa bungwe lomweli kale m'chaka cha 2005.

Ku Dan Sai, m'chigawo cha Loei, kuli chikondwerero cha Phi Ta Khon. Anthu amavala zigoba za mphuno zazitali zopangidwa ndi madengu ophikira mpunga, sanza zamawangamawanga ndi mabelu m'chiuno, n'kumavina m'misewu ngati mizimu. Munthu wa ku Angónia akaona sangalephere kukumbuka gule, ngakhale kuti kumeneko kulibe za kudambwe ndipo aliyense amaloledwa kulowa m'bwalo.

Tsabola adapita ndi Apwitikizi

Kwa Athai kudya ndi mpunga monga kwa ife kudya ndi nsima. Mawu oti kudya amati kin khao, kutanthauza kudya mpunga, ndipo anthu akakumana amafunsana ngati adya mpunga m'malo mwa moni. Amalima wochuluka kuposa umene angathe kudya, kotero kuti m'chaka cha 2024 adagulitsa kunja matani pafupifupi 10 miliyoni. Wina mwa umenewo ndi uja timaupeza pa Ulongwe.

Kumpoto ndi m'chigawo cha Isan amadya mpunga womata umene amauphika ndi nthunzi n'kuuika m'kadengu. Munthu amatema ndi dzanja, kuumba mbamu, n'kusunsa mu ndiwo ndendende monga tichitira ndi nsima. Anthu a ku Isan amadyanso ziwala, nkhululu ndi mbozi zokazinga, ndipo amazigulitsa m'misika mopanda manyazi. Azungu amalipira kuti alawe ndi kujambulitsa. Ife ena timabisa ngumbi ndi mphalabungu kukabwera mlendo wa m'tauni.

Chakudya cha ku Thailand chimadziwika ndi tsabola, koma tsabolayo si wa kumeneko. Adachokera ku America ndipo adafika ndi ngalawa za Apwitikizi, omwewo amene adamanga Tete zaka za m'ma 1530. Apwitikizi ndiwo adali Azungu oyamba kufika ku Ayutthaya m'chaka cha 1511. Mapapaya, matimati, nsawa, chinangwa ndi chimanga nazonso kwao ndi ku America, ndipo zidafalikira ku Africa ndi ku Asia ndi ngalawa za nthawi imeneyo. Mpaka lero Athai amapanga zotsekemera za mazira zotchedwa foi thong zimene adaphunzira kwa Maria Guyomar de Pinha, mayi wa magazi a Chipwitikizi ndi Chijapani amene adakhala ku Ayutthaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1600.

Nayenso Fransisko Saveriyo woyera, nkhoswe ya mishoni ya Lifidzi, adayenda njira ya ngalawa zomwezo. Adakhala miyezi ingapo pa chilumba cha Mozambique m'chaka cha 1541, n'kupitirira ku Goa, Malacca ndi Japan.

Ndiwo imodzi yotchuka, som tam, mayi aliyense wa ku Lifidzi akhoza kuikonza lero lomwe. Amatenga papaya losapsa, kulisenda, n'kuliwaza timizere tating'ono. M'kamtondo amasinja adyo ndi tsabola, kuthiramo matimati, nsawa zokazinga, madzi a ndimu ndi shuga pang'ono, kenaka papaya lija n'kusinja mopepuka kuti zingolowerera. Iwo amakoleretsa ndi msuzi wa nsomba zosungidwa mu mchere, ife tikhoza kusinjiramo kapenta wokazinga wa ku Cahora Bassa. Mapapaya amene amagwa ndi mphepo n'kudyedwa ndi nkhumba, kumeneko ndi ndalama.

Palinso tom yum kung, msuzi wowawasa wa kamarau wophikidwa ndi tsabola, ndimu ndi udzu wonunkhira uja ena amathira mu tiyi. Ndiwo zambiri amaphikira mkaka wa kokonati monga achitira anzathu a ku Quelimane. Chakudya chokoma ndi chotsika mtengo chimapezeka m'mbali mwa msewu ndi m'misika ya usiku, kumene mayi mmodzi amaphika mtundu umodzi wa chakudya moyo wake wonse.

Nsomba imene Athai wamba amadya kwambiri, pla nin, ndi ya kuno ku Africa, mbale wake wa chambo ndi makumba. M'chaka cha 1965 Akihito, amene pa nthawiyo adali mwana wa mfumu ya Japan, adapatsa Mfumu Bhumibol nsomba 50 za mtunduwu. Mfumuyo idaziweta m'maiwe a kunyumba kwake, zitaswana n'kuzigawa kwa alimi. Lero zili m'maiwe a dziko lonselo, pamene ife eni nsombayo madambo athu ambiri alibe ndi dziwe limodzi lomwe.

Kumapiri kofanana ndi kwathu

Wotopa ndi kutentha amakwera sitima ya pamtunda kupita ku Chiang Mai, kumpoto. Pamwamba pa mzindawu pali kachisi wa Doi Suthep, ndipo wofuna kukafika amakwera masitepe oposa 300. Chapafupi pali phiri lalitali koposa m'dzikomo, Doi Inthanon, la mamita 2,565.

Mapiri amenewa ndi ozizira ngati Angónia ndi Tsangano. Kale anthu ake ankalima mbewu yopangira mankhwala ozunguza bongo chifukwa ndi yokhayo inkawapatsa ndalama. M'chaka cha 1969 Mfumu Bhumibol idayambitsa ntchito yowaphunzitsa kulima mapichesi, masitiroberi, kabichi, khofi ndi maluwa, ndiponso kuwapezera msika ku Bangkok. Lero alendo amakwera mapiriwo kukaona minda, kugona m'nyumba za alimi ndi kugula zipatso pamunda pomwepo. Mlimi amapeza kawiri, pa mbewu ndi pa mlendo. Mapichesi athu, amene amaolera pansi mwezi wa Disembala kaamba kosowa wogula, ndi mtundu womwewo wa chipatso.

Anthu a m'malire a Thailand amadziwanso za uthawathawa monga ife. Momwe makolo athu adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo isanathe m'chaka cha 1992, ndi momwenso anthu a ku Myanmar adathawira ku Thailand. Msasa wa Mae La udatsegulidwa m'chaka cha 1984, ndipo ana ambiri adabadwira ndi kukulira momwemo.

Walira mvula walira matope

Chimene chimakoka alendo ambiri ndi nyanja ya kummwera. Zilumba za Phuket, Samui ndi Phi Phi zili ndi mchenga woyera ngati ufa, madzi oonekera pansi ndi matanthwe ataliatali otuluka m'nyanja. M'chaka cha 2019 dzikoli lidalandira alendo pafupifupi 40 miliyoni, kuposa anthu onse a Mozambique. Oyendetsa maboti, ophika, ochapa ndi ogulitsa zosemasema, onse amadya za mlendo.

Komatu walira mvula walira matope. Gombe la Maya Bay, pa zilumba za Phi Phi, lidatchuka ndi kanema wa The Beach wa m'chaka cha 2000. Anthu zikwizikwi ankafika tsiku lililonse pa kagombe kamene kutalika kwake sikufika theka la kilomita. Maboti adaphwanya miyala yamoyo ya pansi pa madzi momwe nsomba zimaswanirana, ndipo nsomba zidathawa. Mwezi wa Juni 2018 boma lidatseka gombelo. Eni maboti adadandaula, koma patapita nthawi nsomba zidabwerera, ngakhale ana a shaki adayamba kuonekanso. Potsegulanso mu Januwale 2022 adachepetsa chiwerengero cha alendo, adaletsa maboti kulowa m'gombemo ndiponso adaletsa kusambira.

Nyanja yomweyo idaonetsa ukali wake pa 26 Disembala 2004, pamene chivomerezi cha pansi pa nyanja kufupi ndi Indonesia chidautsa mafunde aakulu otchedwa tsunami. Ku Thailand kokha kudafa anthu oposa 5,000, ambiri mwa iwo alendo amene adapita kukadyera Khirisimasi. Madzi adayamba aphwera kutali, anthu n'kuthamangira kukatola nsomba, osadziwa kuti akubwerera ngati khoma. Tsopano m'magombemo muli nsanja zochenjeza ndi zikwangwani zolozera kumtunda.

Mliri wa Covid-19 udaphunzitsanso Athai kuopsa kodalira mlendo yekha. M'chaka cha 2021 alendo sadafike ndi theka la miliyoni lomwe. Mahotela adatsekedwa ndipo antchito adabwerera kumudzi. Amene adapulumuka bwino ndi aja adali asanagulitse munda wa makolo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Chikomekome cha mkuyu

Pakati pa Thailand ndi Mozambique pali ubale weniweni wa malonda. Miyala yofiira ya rubi imene idapezeka ku Montepuez m'chaka cha 2009, yambiri imakasemedwa ku Bangkok ndi ku Chanthaburi. Kampani ya boma la Thailand ya PTTEP ili ndi gawo mu gasi wa ku Rovuma kuyambira 2012, ndipo ku Maputo kuli ofesi ya kazembe wa dzikolo.

Koma pali ena amene akugwiritsa ntchito dzina lokoma la Thailand ngati nyambo. Amalengeza pa Facebook kapena pa WhatsApp kuti ku Bangkok kukufunika achinyamata odziwa Chingerezi ndi kompyuta, malipiro ndi a madola, tikiti ndi yaulere. Mnyamata akatera, galimoto imamutenga ulendo wa maola ambiri kupita ku Mae Sot, tauni ya m'malire, n'kumuolotsa mtsinje wa Moei kulowa ku Myawaddy m'dziko la Myanmar. Kumeneko amamulanda pasipoti, kumutsekera m'mpanda wa alonda a mfuti, n'kumukakamiza kubera anthu ndalama pa intaneti usana ndi usiku. Wolephera kufikitsa ndalama zimene amuikira amamenyedwa, ndipo wofuna kutuluka amauzidwa kuti abale ake atumize dipo.

M'chaka cha 2023 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idati anthu osachepera 120,000 akhoza kukhala ali mu ukapolo wotere ku Myanmar, ndi ena pafupifupi 100,000 ku Cambodia. Mu Febuluwale 2025 anthu okwana 260 adaomboledwa n'kuperekedwa ku boma la Thailand tsiku limodzi. Ambiri adali a ku Ethiopia, ena a ku Kenya ndi maiko ena. 

Makolo ndi mafumu, mwana akabwera ndi nkhani ya ntchito ya ku Thailand, funsani izi. Kodi kampaniyo dzina lake ndani ndipo ili mumzinda uti? Kodi chilolezo chimene akumupatsa ndi cha ntchito kapena cha mlendo wokaona malo? Wolowa ngati mlendo saloledwa kugwira ntchito, choncho amene akuti lowani kaye ngati mlendo mapepala tikakonzera konko, ameneyo ndi wabodza. Fufuzani ku ofesi ya kazembe ku Maputo kapena ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko musanagulitse chiweto. Pasipoti isachoke m'manja mwa mwini wake. Ndipo wina akakupemphani kuti mumunyamulire chikwama pa ndege, kanani, chifukwa mlandu wozembetsa mankhwala ozunguza bongo ku Thailand chilango chake chimafika pa kunyongedwa.

Nanga kwathu kuno?

Ambiri a ife sitidzakwera ndege ya ku Bangkok, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chofunika n'kuona chimene alendo 40 miliyoni aja ankalipirira: nyumba zopemphereramo zosamalidwa bwino, chakudya cha eni dziko, magule, mapiri ozizira ndi mchenga wa kunyanja. Pa zonsezi, n'chiti chimene tilibe?

Pa Lifidzi pali mishoni imene ansembe a Chiyezuiti adaikhazikitsa zaka zoposa 100 zapitazo. Ku Chapotera kuli malo amene Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Alves Moreira adaphedwera pa 30 Okotobala 1985, ndipo akhristu amapitako kukapemphera. Phiri la Domwe, limene lili m'mbiri ya Angoni a Maseko, lili pakhomo pathu. Kungodutsa malire, m'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula za makolo pa miyala, zimene UNESCO idaziika m'kaundula wake m'chaka cha 2006. Kutsika Khwekhwerere mufika ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976 osungirako mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kupitirira pang'ono ndi nyanja, Senga Bay kumpoto, Cape Maclear kum'mawa, mchenga woyera ndi madzi opanda mchere. Munthu akalawira ku Lifidzi, chambo amakadyera m'mbali mwa nyanja dzuwa lisanalowe.

Ana angati a sukulu za kuno adaionapo nyanjayi? Akulu adati mwana wosayenda amayesa amake okha ndiwo odziwa kuphika. Aphunzitsi, mabungwe a amayi ndi makwaya a m'mipingo akhoza kusonkha pang'onopang'ono mbatata zikagulidwa, n'kubwereka galimoto imodzi. Umenewo ndi ulendo wa tchuthi wokwanira thumba lathu.

Ndipo alendo akayamba kubwera kuno, adzafuna zomwe amapeza ku Thailand: malo osesedwa, chimbudzi chaukhondo, mitengo ya mthunzi, chakudya chathu chophikidwa mosamala, ndi munthu wodziwa kufotokoza mbiri ya malowo. Nkhalamba zodziwa mbiri ya Domwe, ya mishoni ndi ya nthawi ya nkhondo zikutha chaka ndi chaka. Achinyamata amene muli ndi mafoni, pitani mukakhale nazo pansi, mujambule mawu ao zisanapite, kuopa kuti zingatichitikire za golide wa ku Wat Traimit, amene adakhala zaka zambirimbiri pansi pa pulasitala chifukwa odziwa adapita osanena.